Mphunzitsi wa aphunzitsi onse, ndi dipuloma imene sanadye

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munapirira fumbi la choko changa m'kalasi la History zaka zapitazi. Ena mwa inu mukukumbukira momwe timavutikira tikafika pa mapu a ku Ulaya a nthawi imene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha. Ndimajambula dziko la Yugoslavia pa bolodi, ndikulemba 1918 pambali pake, kenaka wina kumbuyo amakweza mkono n'kufunsa kuti, "Sala, nanga dzikoli lili pati mu atlasi yathuyi?" Ndikayankha kuti linatha, kalasi lonse limandiyang'ana ngati ndanena zamatsenga. Dziko limatha bwanji? Nanga anthu ake amapita kuti?

Kwa zaka zingapo tsopano, funsoli ndimaliyankha ndi nkhani ya munthu mmodzi wa mpira wamiyendo, chifukwa ukangotchula mpira ngakhale ogona amadzuka. Dzina lake ndi Miroslav Blažević, koma kwawo aliyense ankangomutchula kuti Ćiro, katchulidwe kake ngati "Chiro". Anamupatsanso dzina lakuti mphunzitsi wa aphunzitsi onse. M'chinenero chathu dzinali limatikhudza ife a choko, poti kochi wa timu timamutchulanso mphunzitsi. Ndiye ndiloleni ndimukambe momwe timakambirana tokhatokha mu staff room: mwachikondi, koma osabisa mawanga.

Ćiro anabadwa mu February 1935 ku Travnik, tauni ya m'chigwa cha mtsinje wa Lašva pakati pa Bosnia. Kale tauniyi inali likulu la abwanamkubwa a ufumu wa Ottoman, ndipo ndi kwawonso kwa Ivo Andrić, mlembi amene analandira mphotho ya Nobel mu 1961. Makolo a Ćiro anali a mtundu wa Croat, a mpingo wa Katolika, okhala pakati pa Asilamu ndi a mtundu wa Serb. Tsono tawerengani nane. Pobadwa anali mu Ufumu wa Yugoslavia. Ali ndi zaka 6, mu 1941, Hitler analowa n'kuphwanya ufumuwo, ndipo Travnik inagwera m'boma la Croatia la gulu la Ustaše, lomwe linali m'thumba mwa chipani cha Nazi ndipo linapha a mtundu wa Serb, Ayuda ndi Aromani ochuluka zedi. Ali ndi zaka 10 anali mu Yugoslavia ya chikomyunizimu ya Josip Broz Tito. Atakalamba, kwawoko kunali Bosnia and Herzegovina. Mayiko anayi, koma phiri ndi mtsinje zili pomwepo. Abale ake awiri anaphedwa ali anyamata pa nkhondo yachiwiri ija, ali mbali ya boma la Ustaše, ndipo m'dziko la Tito banja lokhala ndi mbiri yotere silinkayenda mutu uli m'mwamba.

Pa za kusewera mpira palibe zambiri zoti tinene, ndipo mwini wakenso sankadzinamiza. Ankasewera kutsogolo cha kumanja. Anapita ku Dinamo Zagreb koma sanakhazikike. Anadutsa ku Lokomotiva, ku Sarajevo, ku Rijeka, chikwama chili paphewa. Anali wosewera wa mtundu uja amene akasowa pa mndandanda Loweruka palibe wofunsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anawoloka kupita ku Switzerland, komwe anasewera ku Sion ndi matimu ena ang'onoang'ono.

Apa pali mfundo ya mbiri imene ana ambiri amaiphonya. Yugoslavia inali ya chikomyunizimu inde, koma Tito anakangana ndi Stalin mu 1948 ndipo dzikolo silinatsekedwe ngati East Germany kapena Romania. Kuyambira m'ma 1960 boma linkalola anthu kukagwira ntchito ku West Germany, Austria ndi Switzerland, ndipo anapita miyandamiyanda, n'kumatumiza ndalama kwawo. Ndi chifukwa chake makochi a ku Yugoslavia anafalikira dziko lonse pomwe anzawo a ku Soviet Union anali khale. Osewera odziwika okha ndiwo ankagwiridwa: kwa zaka zambiri lamulo linkati sangatuluke asanakwanitse zaka 28. Ćiro anangokhala mmodzi mwa aganyu ambirimbiriwo, kusiyana kwake n'kwakuti iye ganyu yake inali ya pabwalo.

Ukochi anauyambira pansi penipeni, ku Vevey mu 1968. Kenaka Sion, komwe anatenga chikho cha dziko la Switzerland mu 1974, kenaka Lausanne. Mu 1976 anagwirizirako timu ya dzikolo kwa kanthawi kochepa. Zaka zoposa khumi akuphunzira ntchito m'chinenero cha eni, Chifalansa, m'matauni momwe ochemerera ake sakanadzaza ngakhale mbali imodzi ya bwalo la ku Zagreb. Atabwerera kwawo mu 1979 anatenga Rijeka n'kuifikitsa mu kotafainolo ya Cup Winners' Cup, komwe inatulutsidwa ndi Juventus.

Chimene chinamupanga kukhala Ćiro chinachitika ku Dinamo Zagreb, timu yomweyo imene sinamuone ngati kanthu ali wosewera. Anailowa kumapeto kwa 1980. Tito anali atamwalira pa 4 May chaka chomwecho. Dinamo inali isanatenge ligi kuyambira 1958, ndipo kwa anthu a ku Zagreb nkhaniyi sinali ya mpira wokha. Mu 1971 Tito anathyola gulu la ophunzira, alembi ndi andale a ku Croatia amene ankafuna ufulu wochulukirapo. Ena anamangidwa, ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo kunatsatira zaka zimene eni ake amazitcha zaka za chete. Munthu sukanaima pamsewu n'kunena kuti ndine wa Croatia ndipo Belgrade ikutidyera masuku pamutu. Koma pa bwalo la Maksimir ukanatha kukuwa mpaka mawu kutha pamene Dinamo ikumenya Red Star kapena Partizan, matimu a ku Belgrade, ndipo aliyense ankamva chimene ukutanthauza.

Ćiro anazindikira zimenezi kuposa wina aliyense. Anayamba kuvala sikafu yoyera m'khosi pamasewero onse, ndipo posakhalitsa theka la mzinda linali ndi sikafu yoyera. Anali ndi osewera abwino monga Zlatko Kranjčar, Velimir Zajec, Marko Mlinarić ndi Snješko Cerin, ndipo anawaphunzitsa kuthira moto m'mphindi zoyambirira mdani asanapume. Mu 1982 Dinamo inatenga ligi patatha zaka 24, ndipo mu 1983 inatenganso chikho. Iye ankakonda kunena kuti ndi amene anayambitsa kaimidwe ka 3-5-2 ndi timu imeneyi. Ena amapereka ulemuwo kwa Carlos Bilardo wa ku Argentina. Kwa ine mkanganowu ndi wa anthu opanda mapepala oti achonge.

Chida chake chenicheni sichinali bolodi ya kaimidwe ka osewera. Chinali pakamwa. Aliyense, kaya wosewera, mtolankhani kapena nduna, ankamuitana kuti "sine", kutanthauza mwana wanga. Ankatha kumuuza mnyamata wamba kuti iwe ndiwe katswiri woposa onse ku Ulaya, mnyamatayo n'kukhulupirira kwa mphindi 90, zomwe n'zokwanira. Mawa lake n'kumutukwana pamaso pa anzake mpaka misozi. Tonse tikumudziwa mphunzitsi wotere. Kalasi lake limakhoza, ana amamukumbukira mpaka imvi, koma pali mmodzi kapena awiri amene amatuluka ali ndi bala limene silipola.

Bala lotere linagwera Robert Prosinečki. Ćiro atachoka ku Dinamo anakatenga ligi ya Switzerland ndi Grasshopper mu 1984, anadutsa ku Prishtina ku Kosovo, n'kubwereranso ku Dinamo. Kumeneko anapeza kamnyamata katsitsi loyera, kobadwira ku West Germany kwa makolo aganyu aja, bambo wa Croat ndi mayi wa Serb. Sanakakonde. Nkhani imene dziko lonselo limaidziwa ndi yakuti Ćiro ananena kuti mwanayu akadzakhala wosewera weniweni, iye adzadya dipuloma yake ya ukochi. Mu 1987 mnyamatayo anapita ku Red Star Belgrade. Chaka chomwecho Yugoslavia inatenga chikho cha dziko lonse cha achinyamata ku Chile, ndipo Prosinečki anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pampikisanowo. Mu 1991 anatenga European Cup ndi Red Star, kenaka Real Madrid, kenaka Barcelona. Dipuloma ija sinadyedwe.

Ndimaseka ndikafika apa, koma kuseka kwa munthu woti naye ali ndi mlandu. M'chaka changa chachiwiri pantchito, dipuloma yanga idakali yonunkhira, ndinamuuza mtsikana wina wa Fomu 3 pamaso pa kalasi lonse kuti History si yake, angopita kukathandiza amayi ake kumsika. Anali atalemba ndime imodzi yokha pa funso la mamalikisi 20. Sindinafunse chifukwa chake. Ndinadzamva mochedwa kuti sabata imeneyo ankagona kuchipatala akudwazika. Mtsikanayo lero ndi mphunzitsi, ndipo tinakumana pochonga mayeso a MSCE, tebulo limodzi. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, "Mwaswera bwanji, Sala?" Za tsiku lija sanatchule, ndipo ine sindinalimbe mtima kuzitchula.

Pomwe Ćiro analephera kuona Prosinečki, anaona wina. Kuyambira 1988 anali ku Nantes ku France, ndipo kumeneko anapereka ukaputeni kwa mnyamata wa zaka pafupifupi 20 dzina lake Didier Deschamps. Mu timu yomweyo munalinso Marcel Desailly. Sungani mayina awiriwa. Nthawi ya ku Nantes inamusiyiranso banga: mu 1995 anamangidwa pa kafukufuku wa katangale wa timu ya Marseille ya Bernard Tapie, anakhala m'chitokosi ku France masabata angapo, koma anatulutsidwa ndipo khoti silinamupeze wolakwa.

Iye ali kunja, kwawo kunayaka. Pa 13 May 1990 ochemerera Dinamo ndi Red Star anamenyana pa Maksimir, ndipo kaputeni wa Dinamo, Zvonimir Boban, anamenya theche wapolisi amene ankakwapula wochemerera. Croatia inalengeza ufulu pa 25 June 1991. Nkhondo inabuka, mzinda wa Vukovar unasanduka bwinja, kenaka mu 1992 moto unalowa m'Bosnia. Apa ndi pamene funso la mwana wakumbuyo uja limayankhidwa: anthu a dziko lotha sapita kulikonse, amangodzuka m'mawa n'kupeza kuti mnansi wasanduka mlendo.

Ćiro anabwerera ku Zagreb mu 1992, atadutsa ku PAOK ya ku Greece, ndipo apa ndi pamene ine ndimamuchotsera mamalikisi. Anakhala bwenzi la ponda apa nane mpondepo la Pulezidenti Franjo Tuđman, ndipo analowa chipani chake cha HDZ. Tuđman anali mkulu wa asilikali wa Tito amene anasanduka katswiri wa mbiri yakale, kenaka wandale. Inde, munthu wa phunziro lathu lomweli. Iye ankadana ndi dzina lakuti Dinamo ponena kuti likununkha chikomyunizimu, ndipo mu 1993 timuyo inatchedwa Croatia Zagreb. Ochemerera a Bad Blue Boys, omwe ambiri anali atakamenya nkhondo, anakana dzinalo kwa mtu wa galu. Ćiro, amene anthu omwewo anamunyamula m'mwamba mu 1982, anaima ndi Pulezidenti. Dzina la Dinamo linabwerera mu February 2000, Tuđman atamwalira miyezi iwiri yapitayo.

Ndipo pali cholemera kuposa dzina la timu. Mu April 1993 asilikali a mtundu wa Croat anapha Asilamu wamba oposa 100 m'mudzi wa Ahmići, m'chigwa chomwecho cha Lašva kumene Ćiro anabadwira. Khoti la United Nations ku The Hague, pa mlandu wa Jadranko Prlić ndi anzake asanu, linagamula mu 2013, ndipo apilo inatsimikiza mu 2017, kuti panali chiwembu chogwirizana chofuna kulamulira mbali ina ya Bosnia pochotsamo Asilamu, ndipo dzina la Tuđman linatchulidwa pakati pa ochita nawo. Tuđman sanazengedwe mlandu, anali atafa kale. Ćiro sananyamule mfuti ndipo palibe anamunenapo za magazi. Koma anapitiriza kumutamanda mkuluyo poyera mpaka ukalamba wake.

Kuyambira 1994 anali mphunzitsi wa timu ya dziko latsopanolo. Ku Euro 1996 ku England anafika mu kotafainolo n'kugonja 2-1 kwa Germany. Kenaka France 1998. Ine ndinali mnyamata wa ku sekondale, TVM isanayambe, ndipo tinkaunjikana pa kawailesi kamodzi ku hostel, mabatire titaayanika padzuwa masana. Palibe mwa ife amene akanaloza Croatia pa mapu. Anamenya Jamaica 3-1, Japan 1-0, anagonja 1-0 kwa Argentina, anatulutsa Romania ndi penate ya Davor Šuker. Pa 4 July ku Lyon anakumananso ndi Germany n'kuiswa 3-0, zigoli za Robert Jarni, Goran Vlaović ndi Šuker. Dziko la anthu osakwana 5 miliyoni, lomwe nkhondo yake inali itatha zaka zitatu zokha zapitazo. Pampikisanowo Ćiro ankayenda ndi chipewa cha apolisi a ku France polemekeza Daniel Nivel, wapolisi amene zigawenga zochemerera Germany zinamuvulaza modetsa nkhawa ku Lens. Kaya chinali chisoni chenicheni kaya nzeru zokopa eni dziko, kwa Ćiro ziwirizi zinkayenda limodzi nthawi zonse.

Mu semifainolo pa 8 July anakumana ndi France, yomwe kaputeni wake anali Deschamps, kumbuyo kuli Desailly. Ana ake a ku Nantes. Šuker anagoletsa chigawo chachiwiri chitangoyamba, koma pasanathe mphindi ziwiri Lilian Thuram anabweza, kenaka n'kuwonjezera china. Thuram anasewera masewero 142 a dziko lake, ndipo zigoli zake zonse ndi ziwiri zomwezi. Prosinečki anakhala pabenchi pafupifupi masewero onsewo, n'kulowetsedwa mphindi zothera. Patatha masiku atatu, polimbirana nambala 3, Ćiro anamuyambitsa, ndipo mnyamata wa dipuloma uja ndi amene anatsegula zigoli pomenya Netherlands 2-1. Šuker anamaliza ndi zigoli 6, kuposa aliyense.

Tsono funso limene ndimakonda kuwaponyera anzanga a Fomu 4 zotsatira zikatuluka: ana amenewa anali a yani? Boban, Šuker, Prosinečki, Jarni ndi Igor Štimac onse anali ku Chile mu 1987, atavala malaya a Yugoslavia, pansi pa Mirko Jozić. Anaumbidwa ndi masukulu a mpira a dziko limene linatha, pamodzi ndi anyamata a ku Serbia ndi Montenegro monga Predrag Mijatović. Ćiro analandira kalasi lophunzitsidwa kale. Koma sindingamulande zonse. Kusonkhanitsa akatswiri a ku Real Madrid ndi AC Milan, aliyense ndi mutu wake waukulu, n'kuwachititsa kuthamangirana, si ntchito yamasewera. Yugoslavia yakale inali ndi luso lotere kwa zaka zambiri koma sinafikepo pa nambala 3 yokhayokha ngati imeneyi.

Zitatha izi chikwama chinabwerera paphewa. Croatia inalephera kupita ku Euro 2000 itafanana mphamvu 2-2 ndi Yugoslavia yotsalayo mu Zagreb momwemo, ndipo Ćiro anatula pansi udindo mu 2000. Mu 2001 anali ku Iran. Timuyo inatsala pang'ono kupita ku World Cup, koma inagonja 3-1 ku Bahrain pa masewero omaliza a m'gulu, kenaka Ireland inaitulutsa: 2-0 ku Dublin, ndipo kupambana 1-0 ku Tehran sikunakwanire. Womuthandiza wake, Branko Ivanković, ndi amene anatsala n'kuipititsa Iran ku World Cup ya 2006. Mu 2003 Ćiro anatenganso ligi ndi Dinamo. Mu 2005 anapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti wa Croatia n'kupeza mavoti osafika 1 peresenti. Anthu ankamukonda, koma ankadziwa malire a pakamwa pake.

Gawo limene limandivuta kuliweruza ndi la 2008. Ali ndi zaka 73, bwenzi la Tuđman uja anavomera kuphunzitsa timu ya Bosnia and Herzegovina. Pangano la Dayton la 1995 linasiya dzikolo ndi apulezidenti atatu, mmodzi pa mtundu uliwonse, ndipo ngakhale bungwe la mpira linali ndi atsogoleri atatu osinthana mpando, mpaka FIFA inaliimitsa mu 2011 pa chifukwa chomwechi. Ochemerera anali atakwiya ndi bungwelo, osewera ena akukana kubwera. Ćiro anafika ndi "mwana wanga" wake uja, akukumbutsa aliyense kuti iye ndi mwana wa Travnik. Ndi Edin Džeko, Zvjezdan Misimović, Emir Spahić ndi Miralem Pjanić, anamenya Estonia 7-0, anamenya Belgium kawiri, n'kumaliza pa nambala 2 kumbuyo kwa Spain, pamwamba pa Turkey. Bwalo la ku Zenica, lomwe ambiri mwa odzazamo anali Asilamu, linkaimba dzina lake. Mu November 2009 Portugal inawatsekera khomo la ku South Africa, 1-0 ku Lisbon ndi 1-0 ku Zenica.

Kodi kumeneku kunali kulapa? Sindikuganiza choncho. Ndikuona kuti mphatso imene anatumikira nayo Tuđman ndi yomweyo imene anagwirizanitsira nayo anyamata a mitundu itatu mu chipinda chimodzi chovalira: kumva chimene khamu likufuna kumva, n'kulinena mokoma kuposa wina aliyense. Mphatso imeneyi payokha siisankha mbali.

Anapitabe ku Shanghai Shenhua mu 2010, ku timu ya achinyamata ya China, ku Mes Kerman ku Iran, ku Sloboda Tuzla, mpaka ku Zadar komwe anasiyira ntchito kumayambiriro kwa 2015 ali ndi zaka 79. Prosinečki naye anakhala kochi woyendayenda, ndipo mu 2018 anakhala pa mpando womwewo wa Bosnia. Chaka chomwecho Zlatko Dalić, mwana winanso wa ku Bosnia amene anali womuthandiza Ćiro ku Varteks asanakadye ganyu yake ku Albania, Saudi Arabia ndi United Arab Emirates, anafikitsa Croatia mu fainolo ku Moscow. Anagonja 4-2 kwa France, yomwe mphunzitsi wake anali Didier Deschamps.

Ćiro anamwalira ndi khansa ku Zagreb pa 8 February 2023, kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 88. Anaikidwa ku manda a Mirogoj, komwe kulinso manda a Tuđman.